CIFUKWA CACE MAGETSI A PA KAFUE ANACEDWA

Anthu a ku Nangongwe amaudziwa bwino mtsinje wa Kafue, umene uyenda mwaulesi pambali pa tauni yao. Koma kumunsi kwace mtsinjewo ulowa pakati pa mapiri, nugwa ndi liwiro lalikuru m'cigwa cakuya. Madzi akugwa cotere atha kuzunguza makina opanga magetsi, ndipo satha monga atha malasha ndi nkhuni, pakuti mvula iwabweza caka ndi caka.

Itatha nkhondo yaciwiri, migodi ya mkuwa inasowa mphamvu. Malasha ocokera ku Wankie sanali kufika okwanira pa njanji, kotero kuti a migodi anayamba kudula mitengo yambiri-mbiri kuti asonkhere moto wa makina ao. M'caka ca 1953 Bwalo la Malamulo la Northern Rhodesia linabvomereza kuti mtsinje wa Kafue uchingidwe.

Caka comweco kunabadwa Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo nkhani za magetsi zinacoka m'manja mwa Boma la ku Lusaka nkupita ku Salisbury. M'Nyumba ya Malamulo ya Citaganya, mwa mipando 26 ya pa cisankho ca onse, Southern Rhodesia inali ndi 14, Northern Rhodesia 8, Nyasaland 4. Cipani ca Federal ca Sir Godfrey Huggins, cimene cinapambana cisankho coyamba, cinadziwa kumene kunali osankha ocuruka. Atsogoleri a kumwera, pamodzi ndi Garfield Todd, anaumirira kuti ayambe wachingidwa Zambezi pa Kariba.

Anali nazo zifukwa zomveka: Kariba akanapatsa magetsi ocuruka, ndipo madzi a Kafue anali asanayesedwe zaka zokwanira. Koma Kafue anali wochipa, wofulumira kumanga, ndiponso wapafupi ndi migodi. M'mwezi wa March 1955 Huggins analengeza kuti ayamba ndi Kariba. Azungu a kumpoto anakwiya nati anyengedwa. Harry Nkumbula wa African National Congress anatsutsanso, poganizira Atonga a m'cigwa ca Gwembe. Atonga ngati 57,000 a mbali zonse ziwiri za mtsinje anasamutsidwa, ndipo m'caka ca 1958 apolisi anaombera ndi kupha anthu 8 mwa okana kucoka.

Nyumba ya makina a Kariba inamangidwa ku tsidya la kumwera. Kuopsa kwace kunaoneka pa 11 November 1965, pamene Ian Smith anagalukira Boma la Britain. Zambia, dziko la ufulu la caka cimodzi, inapeza kuti magetsi a migodi yace ali m'dzanja la mdani. Munthu wa ku Kitwe kapena ku Mufulira, wogwira nchito pansi pa nthaka, moyo wace udalira makina okoka zikwere ndi opopa madzi. Magetsi akazima, mgodi udzala madzi.

Pamenepo Boma la Kenneth Kaunda linabwerera ku maganizo a 1953. Kampani ya Energoprojekt ya ku Yugoslavia inamanga damu pa Kafue Gorge, ndipo magetsi anayamba kuturuka m'caka ca 1971, zaka 18 citabvomerezedwa cinthuco. Damu la Itezhi-Tezhi litatha m'caka ca 1977, losunga madzi a m'cirimwe, mphamvu inafika mamegawati 900. Cigawo ca kumunsi, ca mamegawati 750, cinadikira nthawi yaitali koposa: makina ace oyamba anatsegulidwa mu July 2021, masabata owerengeka cisankho cisanacitike, ndipo onse asanu anatsegulidwa m'caka ca 2023.

Phunziro lace ndi ili. Damu litenga zaka zambiri kulimanga, nilitumikira ana ndi adzukulu, pamene cisankho cibwera zaka zisanu ziri zonse. Cotero pamene wofuna mpando alonjeza magetsi, anthu acita bwino kumfunsa kumene makinawo adzamangidwa, amene adzawasunga, ndi amene adzasamutsidwa.