Nsomba ya Schubert ndi ndime imene anaisiya

Wophunzira, mukafunsidwa pamayeso kuti nyama ya m'ndakatulo ikuimira chiyani, musathamangire kuyankha musanawerenge ndime yomaliza. Nyimbo ya Chijeremani yotchedwa Die Forelle ikuonetsani chifukwa chake.

Nyimboyi anaipeka Franz Schubert wa ku Vienna m'chaka cha 1817, ali ndi zaka 20, ndipo imaimbidwa ndi munthu mmodzi mothandizidwa ndi piyano. Mawu ake si a Schubert ayi, koma ndi ndakatulo ya Christian Friedrich Daniel Schubart. Samalani, mayinawa ndi ofanana kwambiri. Forelle ndi nsomba ya trout, ya m'mitsinje yozizira. Mtundu wina wa nsombazi unabweretsedwa ku mitsinje ya paphiri la Zomba.

Woyankhula m'ndakatuloyi waima pagombe, akuonerera kansomba kakusewera m'madzi oyera mbee. Pafupi pali msodzi ndi mbedza yake. Woyankhulayo sakudandaula, poti madzi akakhala oyera chotere nsomba imaiona mbedza. Msodzi atatopa n'kudikira akuvundula madzi, kansomba kaja n'kukodwa, ndipo woonerera uja mtima ukumuwawa.

Tamvetserani ntchito ya piyano. M'ndime ziwiri zoyamba imalira modumphadumpha, kubwereza kamvekedwe kamodzimodzi, ngati nsomba ikuthwanima pamadzi. Pofika ndime yachitatu, pomwe madzi avundulidwa, kudumpha kuja kumasokonekera ndipo nyimbo imachita mdima. Kenaka kamvekedwe kansangala kamabwerera ngati palibe chachitika. Ine ndimaona kuti apa ndiye pamene pamapweteka: mtsinje ukuyendabe, koma nsomba mulibe.

Tsono ndakatulo ya Schubart ili ndi ndime zinayi, pamene Schubert anangotengapo zitatu. Ndime yachinayi ndi imene imamasulira phiphiritso: imachenjeza atsikana za amuna onyenga, kutanthauza kuti nsomba ndi mtsikana ndipo msodzi ndi mwamuna wokopa. Poisiya ndimeyi, Schubert anachotsa langizo n'kusiya nkhani yokha. Womvera akhoza kungomvera chisoni kansomba, kapena kudzipezera tanthauzo.

Palinso tanthauzo lina. Schubart analemba ndakatuloyi ali m'ndende ya Hohenasperg, momwe anakhala kuyambira 1777 mpaka 1787 popanda kuzengedwa mlandu. Zolemba zake zinkadzudzula akuluakulu, ndipo Carl Eugen, wolamulira wa Württemberg, anachita kumunyengerera kuti alowe m'dera lake n'kumugwira. Choncho ena amati nsomba yonyengedwayo ndi mlakatuli mwini wake.

Kodi yankho lolondola ndi liti? La atsikana lili m'mawu a ndakatulo, la ndende likuchokera pa mbiri ya mlembi. Onse awiri mukhoza kuwateteza, koma polemba nenani poyera komwe mwatenga umboni wanu, komanso ngati mukukamba za ndakatulo ya ndime zinayi kapena nyimbo ya ndime zitatu.