Nkhuku Yootcha pa Magetsi: Maso Asatinamize

Pa mwambo wathu nkhuku ndi ndiwo ya ulemu. Mlendo wochokera kutali akafika pakhomo, tambala ndiye amadziŵa kuti zake zada. Pa chinkhoswe ankhoswe a mbali zonse ziŵiri amang'ambirana nkhuku yootcha pamaso pa anthu, kusonyeza kuti mabanja aŵiri agwirana chanza. Makolo athu ankaipana pa mpani ndi kuizika pambali pa moto, naitembenuza pang'onopang'ono kufikira itapsa. Masiku ano m'makomo ena a m'tauni mwaloŵa chipangizo china chootchera nyama, chimene chimayendera magetsi, ndipo m'masitolo chimagulitsidwa ndi dzina lakuti grill. Mwezi uno tifuna tikambirane za kaotchedwe ka nkhuku pa chootchera chimenechi, pakuti chili ndi ubwino wake, komanso chili ndi msampha umene mayi ndi bambo aliyense ayenera kuudziŵa.

Kumene chinachokera

Kaotchedwe kamene tikunena pano, kopaka msuzi wotsekemera ndi woŵaŵasa pa nyama, kamatchedwa barbecue. Liwu limeneli linachokera kwa anthu a mtundu wa Taino a ku zilumba za Caribbean, amene ankaŵamba nyama ndi nsomba pa thandala la mitengo lotchedwa barbacoa, monga momwe asodzi a kunyanja kwathu amaŵambira nsomba. Mspanya wina, Gonzalo Fernández de Oviedo, analilemba m'buku lake mu 1526. Chootchera cha magetsi chinawanda kwambiri kuyambira mu 1994, pamene ku America anayamba kugulitsa chija chotchedwa ndi dzina la George Foreman, katswiri wa nkhonya amene anamenyana ndi Muhammad Ali ku Kinshasa mu 1974. Zoterezi zagulidwa zoposa 100 miliyoni.

Zootcherazi zilipo mitundu iŵiri. China n'chapululu: chili ndi chitsulo chotentha pansi ndi waya pamwamba pake poikapo nyama. China chili ndi zitsulo ziŵiri zimene zimapana nyama pansi ndi pamwamba nthaŵi imodzi. Chopana chija chimafulumira, koma chimayenerana ndi nyama yopanda mafupa. Nthuli za mafupa, monga ntchafu, miyendo ndi mapiko, zimapsa bwino pa chapululu.

Ubwino wake ndi woonekeratu. Palibe kukoleza moto, palibe phulusa, ndipo palibe mtengo wagwa kuti ukhale makala. Makala akayaka m'nyumba yotseka amatulutsa mpweya wakupha wosaoneka ndi wosanunkha, pamene magetsi satero. Chootchera cha mawatsi 2,000 chikayaka mphindi 45 chimadya mayunitsi osapitirira limodzi ndi theka. Chimene chimasoŵa ndi kafungo ka utsi wa nkhuni, ndipo n'chifukwa chake zokometsera ndi msuzi zili ndi ntchito yaikulu.

Msampha wake

Akuluakulu anati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Chitsulo chotentha chimafiiritsa khungu la nkhuku m'mphindi zochepa, fungo n'kudzaza nyumba yonse, ana n'kuyamba kuzungulirazungulira. Koma kutentha kumayenda pang'onopang'ono kuloŵa m'kati mwa mnofu, ndipo pafupi ndi fupa ndi pamene pamachedwa koposa. Tikapakiratu msuzi wa shuga poyamba, chinyengo chimakula, chifukwa shuga amayamba kupserera kutentha kukafika cha pa madigiri 160. Nthuli imada kunja ngati yapsa kale pamene m'kati mukali mwazi.

Nkhuku yaiŵisi, ngakhale yooneka yaukhondo, kaŵirikaŵiri imakhala ndi tizilombo tosaoneka ndi maso. Todziŵika kwambiri ndi tiŵiri: Salmonella, kamene kanapezeka ku America mu 1885 ndipo kanatchedwa ndi dzina la dokotala wa ziŵeto Daniel Salmon, ndi Campylobacter. Timeneti timayambitsa kutsekula m'mimba, kupotokola, kusanza ndi kutentha thupi. Salmonella amayamba kuonetsa zizindikiro pakati pa maola 6 ndi masiku 6, pamene Campylobacter amatenga masiku 2 mpaka 5. Pofika nthaŵi imeneyo banja laiŵala kale za nkhuku ija, ndipo ena amayamba kukayikira madzi, ena kuloza chala mnansi wosalakwa.

Mu 2015 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalengeza kuti chaka chilichonse anthu 600 miliyoni amadwala chifukwa cha chakudya choipitsidwa, ndipo 420,000 amamwalira. Mwa omwalirawo, 125,000 ndi ana osakwana zaka zisanu. Ife amene timagwira choko timadziŵa kuti mwana wotsekula m'mimba amajomba masiku angapo, nabwerera m'kalasi ali wofooka. Ana aang'ono, okalamba, amayi oyembekezera ndi odwala ndiwo amene matendaŵa amawagwetsa msanga. Mankhwala ake ndi kupsa kwenikweni, pakuti tizilomboti timafa m'kati mwa nthuli mukafika madigiri 74.

Kukonza nkhuku

Poyamba tidziŵe nkhuku imene tili nayo. Ya chizungu, imene imaphedwa ili ndi masabata asanu ndi limodzi kapena kupitirira pang'ono, ndi yofeŵa ndipo ingapite pa chootchera mwachindunji. Ya chikuda, imene yakula ikupalasa pabwalo, ili ndi mnofu wolimba. Imeneyi tiyambe taiŵiritsa m'madzi a mchere, anyezi ndi adyo pa moto wochepa kufikira foloko italoŵa mosavuta, kenaka n'kuiika pa chootchera nthaŵi yomweyo kuti ifiire. Madzi otsalawo ndi msuzi wabwino wodyera nsima.

Ngati nkhuku inali youma ndi chisanu m'firiji, tiitsitsire m'chipinda cha m'munsi cha firijiyo usiku wonse kuti isungunuke yonse. Nthuli yokhala ndi madzi oundana pakati siingapse mofanana. Nkhuku yogula yokonzakonza tisaitsuke pa mpopi. Mu 2014 bungwe la Food Standards Agency la ku Britain linachenjeza anthu kuti madzi othovoka potsuka amamwaza tizilombo pa mbale, pa zovala ndi pa ndiwo zina. Tikapha tokha, titsukire m'beseni lakelake, kutali ndi ziŵiya zodyera, ndipo madziwo tikataye kudzala. Tikatha, tisambe m'manja ndi sopo, titsukenso mpeni ndi thabwa lodulirapo tisanadulepo tomato kapena kabichi.

Tidule nthuli zolingana kukula kwake. Ntchafu ndi miyendo tizicheke kaŵiri kapena katatu mpaka pa fupa, kuti kutentha kupeze njira. Nganga ikakhala yochindikala mbali imodzi, tiichotse fupa ndi kuiphwanthira pang'ono kuti ilingane. Pa kilogalamu imodzi ya nkhuku tithire sipuni yaing'ono imodzi ndi theka ya mchere, madzi a ndimu limodzi, adyo wosinja, jinja, tsabola monga banja likondera, ndi masipuni aakulu aŵiri a mafuta ophikira. Tivundikire ndi kuika m'firiji maola aŵiri kapena anayi. Madzi otsala m'mbale imene munali nyama yaiŵisi asapakidwe pa nyama yakupsa.

Msuzi wake timaphika padera. Tikazinge anyezi mmodzi, tithiremo tomato anayi akupsa osenda, masipuni aakulu aŵiri a shuga kapena uchi, masipuni atatu a viniga kapena madzi a mandimu, mchere ndi kambuzi pang'ono. Ziŵire pa moto wochepa mphindi 15 kufikira msuzi utalimba. Tiugaŵe paŵiri: wina wopaka pa chootchera, wina woika patebulo.

Pa chootchera

Chootchera chiikidwe pa malo ouma, olimba ndi opita mphepo, kutali ndi makatani ndi manja a ana. Pulagi yake iloŵe m'soketi ya pakhoma payokha. Kulumikiza ketulo, ayironi ndi chootchera pa chingwe chimodzi chotalikitsira kumatenthetsa waya ndipo kwaotcha nyumba zambiri. Tisachigwire ndi manja onyowa. Kambale kolandira mafuta kakhale pamalo pake, ndipo ngati malangizo a chipangizocho akuti muthiridwe madzi, titero.

Tichiyatse mphindi 10 tisanaikepo kanthu, ndipo tipake mafuta pang'ono pa waya. Kutentha kukhale kwa pakatikati. Nthuli ziikidwe khungu lili pansi, motalikirana, chifukwa zikathinana zimatuluka madzi ndi kuŵira m'malo mofiira. Tizitembenuze ndi chopanira pakapita mphindi zisanu kapena zisanu ndi ziŵiri zilizonse. Ntchafu ndi miyendo zimatenga mphindi 30 mpaka 40, mapiko 20 mpaka 25, nganga yopanda fupa mphindi 6 mpaka 8 mbali iliyonse. Nthaŵi zimenezi n'zotitsogolera chabe, pakuti zootchera zimasiyana mphamvu ndipo magetsi ena amafika ofooka.

Msuzi upakidwe m'mphindi 5 mpaka 10 zomaliza, nyama itatsala pang'ono kupsa. Tipake mopyapyala, titembenuze, tipakenso. Potero msuzi umamatirira ndi kunyezimira osapserera.

Tsopano tiyese. Amene ali ndi kachipangizo koyezera kutentha kwa nyama akabaye pa mnofu wochindikala osakhudza fupa, ndipo aone madigiri 74. Ntchafu zimakoma koposa zikapitirira pang'ono, kufika cha pa 80. Amene alibe asankhe nthuli yaikulu koposa zonse, aicheke mpaka pa fupa. Mnofu usakhale wofiirira kapena wonyezimira ngati waiŵisi, madzi otuluka akhale oyera, ndipo nthunzi ituluke kuchokera m'kati. Pakakhala chikayiko, nthuli ibwerere pa moto. Zikapsa, tiziike m'mbale yoyera, yosiyana ndi ija munali nyama yaiŵisi, ndipo zikhale mphindi zisanu kuti madzi ake akhazikike mu mnofu.

Magetsi akathima

Magetsi amatha kuthima ntchito ili pakati. Nkhuku yopsa theka isasiyidwe pa chootchera kudikira kuti mwina abwera. Pakati pa madigiri 5 ndi 60 tizilombo timaswana msanga, ndipo nyama yofunda ili pomwepo. Tizimitse chootchera pa soketi, tikoleze mbaula panja, kapena tiike nthulizo m'poto ndi madzi pang'ono ndi msuzi uja, tivundikire, zipse mpaka m'kati. Ndi nzeru kukhala ndi njira yachiŵiri pafupi tsiku limene tikuyembekeza alendo. Nyama yakupsa yotsala iloŵe m'firiji maola aŵiri asanathe, ndipo poidyanso itenthetsedwe mpaka ituluke nthunzi. Chootchera chitsukidwe chitazizira ndiponso pulagi itazulidwa.

Oŵerenga athu okondedwa, chipangizo chatsopanochi chatichotsera utsi ndi phulusa, koma kudekha kumene agogo athu anali nako pambali pa moto kukufunikabe. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Njala ya ana ndi ulemu wa alendo zimatikakamiza kuphula msanga, komabe mphindi khumi zoonjezera n'zochepa poyerekeza ndi sabata la matenda. Tiphunzitse ana athu, aakazi ndi aamuna omwe, kucheka nthuli mpaka pa fupa asanaitane anthu kudzasamba m'manja.