Kwa eni kulibe mkuwe: mmene London inaumirizira Uber kutsata malamulo

Munthu waitanitsa galimoto pafoni mumzinda wa London. Nkhope ya dalaivala amene wafika ikufanana ndi imene ili pafoniyo, ndipo akukwera mtima uli m'malo. Chimene sakudziwa n'chakuti dzina ndi laisensi ndi za munthu wina. Woyendetsayo wangoika chithunzi chake pa akaunti ya mnzake.

Chinyengo chimenechi chinachitika pa maulendo osachepera 14,000, ndipo pa maulendo onsewo okwera analibe chitetezo cha inshuwalansi. N'chifukwa chake mu Novembala 2019 bungwe loona zamtengatenga mumzindawu, Transport for London, linakana kuwonjezera laisensi ya Uber, kampani imene inkayendetsa maulendowo. Kanali kachiwiri. Mu Seputembala 2017 bungweli linali litakana kale, ponena kuti kampaniyi sinkachita bwino pokanena milandu ikuluikulu kupolisi komanso pofufuza mbiri ya madalaivala ake. Itakanidwa mu 2019, Uber inakadandaula kukhoti, n'kukonza zolakwikazo, ndipo mu Seputembala 2020 inapatsidwa laisensi ya miyezi 18 yokha.

Nkhondo yaikulu inachokera kwa madalaivala eniake. Uber, yomwe inayambira ku San Francisco mu 2009, inkati iyo ndi mkhalapakati chabe wolumikiza wokwera ndi woyendetsa, ndipo dalaivala aliyense ndi bwana payekha. Madalaivala awiri, James Farrar ndi Yaseen Aslam, anakana zimenezo. Bwana wanji amene sakhazikitsa yekha mtengo wa ulendo? Bwana wanji amene amalangidwa akakana maulendo angapo? Iwo anapambana kubwalo la milandu ya zantchito mu 2016, koma kampaniyi inapitiriza kuchita apilo kufikira mu Febuluwale 2021, pamene khoti lalikulu kwambiri la dziko la Britain linagamula kuti madalaivalawo ndi antchito. Mwezi wotsatira, madalaivala oposa 70,000 analonjezedwa malipiro osatsika pa mlingo wa boma, ndalama za tchuthi komanso penshoni.

Mayiko ena nawo sanakhale chete. Mu Ogasiti 2024, bungwe loteteza zinsinsi za anthu ku Netherlands linalipiritsa Uber chindapusa cha mayuro 290 miliyoni chifukwa chotumiza ku America zikalata za madalaivala a ku Ulaya popanda chitetezo chokwanira. Ku Tanzania, boma litalamula mu 2022 kuti kampani isamadule zoposa 15 peresenti pa ulendo uliwonse, Uber inaimitsa ntchito, ndipo inabwereranso mu 2023 mlingowo utakwezedwa.

Palibe angatsutse kuti makampani ngati Uber athandiza anthu kuyenda mosavuta. Koma kuseri kwa foni kuli mayi amene akufuna kukafika kunyumba ali bwinobwino, komanso dalaivala amene wagwira chiwongolero kuyambira m'bandakucha kuti ana adye. Anthu awiriwa sangalimbane okha ndi kampani ya ndalama zankhaninkhani. Boma limene limakakamiza mlendo wolemera kutsata malamulo a dziko likugwira ntchito imene anthu analisankhira.