Kirimu muzimuyeza pa sikelo

Ntchito yanga ndi yophika makeke ndi zotsekemera pa loji ina kuno ku Livingstone. Amayi ophika makeke a ukwati ku Maramba ndi ku Dambwa amandifunsa kawirikawiri kuti kapu imodzi ya kirimu ndi magalamu angati. Funsoli ndimalikonda, chifukwa wolifunsa amakhala atayamba kale kukayikira kapu yake, ndipo kukayikirako n'koyenera.

Kirimu wamadzimadzi wa m'paketi, amene sanamenyedwe, amalemera pafupifupi ngati madzi. Mamililita 100 muziwawerenga ngati magalamu 100. Akaperewera ndi galamu imodzi kapena awiri basi. Mkaka umalemera pang'ono kuposa madzi, lita imodzi imakwana magalamu pafupifupi 1,030, pamene mafuta ndi opepuka. N'chifukwa chake mkaka wongokamidwa kumene ku Kalomo ukagona m'chidebe, mafuta ake amayandama pamwamba. Mu kirimu wa mafuta 35 pa 100, kulemera kwa mkaka ndi kupepuka kwa mafuta kumakumana pakati.

Chimene chimasokoneza anthu ndi kapu. Tauni yathu imalandira alendo odzaona mathithi a Mosi-oa-Tunya kuchokera kulikonse, ndipo mabuku a kaphikidwe nawonso amabwera chimodzimodzi. Kapu ya ku America ndi mamililita 237. Ya ku South Africa ndi ku Australia ndi 250. M'mabuku akale a ku Britain mupeza theka la painti, lomwe ndi 284. Choncho pepala likati makapu anayi, wina athira magalamu pafupifupi 950, mnzake apitirira 1,130, onse akulumbira kuti atsatira malangizo. Ngakhale supuni yaikulu siimodzi: m'maiko ambiri ndi mamililita pafupifupi 15, koma ku Australia ndi 20. Nanga kapu yomwera tiyi ija? Imeneyo ibwezereni m'kabati.

Mu supu kusiyana kotere sikudetsa nkhawa. Koma yesani pa ganache, chokoleti chosungunulidwa mu kirimu wotentha chimene timakutira nacho keke. Muyeso wodziwika ndi wofanana kulemera: magalamu 200 a chokoleti chakuda, magalamu 200 a kirimu. Mukapyoza kirimu ndi magalamu 40, ganache imatuluka yofewa, ndipo m'mwezi wa Okutobala, dzuwa la m'chigwa cha Zambezi likamaswa mtengo, imayamba kutsetsereka keke isanafike n'komwe ku holo. Zimandipweteka mtima kuona mayi amene wagula chokoleti chodula, wagona mochedwa, akuimbidwa mlandu woti sadziwa kuphika, pamene cholakwa ndi chikho. Nyengo yotentha ine ndimaika magawo awiri a chokoleti pa gawo limodzi la kirimu, ndipo kusintha kotere kumatheka bwino pokhapokha uli ndi manambala enieni m'manja.

Samalaninso ndi kirimu womenya kale. Pomenya timalowetsamo mpweya, ndipo amafufuma pafupifupi kawiri. Kapu ya kirimu wofufuma imangolemera magalamu 120 kapena kuposerapo pang'ono. Werengani bwino ngati pepala likufuna muyeze musanamenye kapena mutamenya. Ine ndimayeza asanamenyedwe nthawi zonse, ali wozizira kuchokera m'firiji, chifukwa wofunda safufuma, amangosanduka batala.

Kayezedwe kake n'kosavuta. Ikani mbale pa sikelo ya batire, dinani batani lolembedwa tare kuti ibwerere pa 0, kenaka thirani. Simutayanso kirimu amene amakakamira m'mbali mwa kapu, makamaka wolimba wa mafuta 48 pa 100.

Koma lamulo la mililita imodzi galamu imodzi musalitengere pa chilichonse. Mamililita 100 a uchi amalemera magalamu pafupifupi 140, a mafuta ophikira 92. Ufa wa tirigu ndiye wosadalirika kwambiri: kapu yomweyo ikhoza kusiyana ndi magalamu 30, malingana ndi mmene mwautsindira.