Mtima umodzi, manambala awiri

Azakhali anga a ku Chinsapo atayamba kutupa mapazi ndi kuchita phuma akangosenza ndowa yamadzi, tinapita nawo kuchipatala. Amene anawaunika anawapaka jeli pachifuwa, n'kuyendetsapo kachipangizo kolumikiza ku foni, kenako analemba m'buku mwawo: EF 35%. Patatha mwezi, makina aakulu a chipatala china anaonetsa 41%.

"Ndiye wanama ndani, mwanangu?" anandifunsa tili m'minibasi.

Palibe ananama. EF ndi gawo la magazi limene chipinda chachikulu cha kumanzere kwa mtima chimatulutsa chikafinya kamodzi. Mtima wabwinobwino umatulutsa cha m'ma 55 mpaka 70 pa 100 alionse. Nambalayo ikatsika kufika pa 40 kapena kucheperapo, ndiye kuti mtima wafooka. Koma kayezedwe kake n'kosiyanasiyana.

Woyamba uja anayeza ndi maso poyang'ana chithunzi cha mtima pa foni, ngati mayi wa mumsika wa Kawale amene amadziwa kulemera kwa nkhuku pongoinyamula. Njirayi ndi yachangu, ndipo dzanja lozolowera siliphonya patali, koma anthu awiri akhoza kusiyana pa mtima womwewo. Palinso M-mode, yochokera ku ntchito ya Inge Edler ndi Hellmuth Hertz ku Lund, Sweden, mu 1953. Imayeza mzere umodzi wokha wodutsa mumtima, choncho imasocheretsa ngati mbali imodzi yafooka ina ili bwino.

Wachiwiriyo anatsata njira ya Simpson. Amajambula chipindacho kuchokera mbali ziwiri, chitadzaza komanso chitafinya, n'kulemba malire ake amkati. Kompyuta imachiduladula m'magawo 20, ngati mmene timadulira nkhaka, n'kuwerengetsa magazi. Madokotala amaikhulupirira kwambiri, komatu imafuna chithunzi chooneka bwino. Mafuta a pachifuwa kapena mapapu akatchinga, malirewo amangoganiziridwa. Imadyanso nthawi, ndipo panja pamakhala mzere.

Ine kachipangizo ka foni kaja sindikanyoza. N'komwe kanachititsa kuti azakhali ayambe mankhwala tsiku lomwelo, ndipo mwina mankhwalawo ndi amene anakwezako nambala yachiwiri. Chimene ndimafunsa tsopano n'chakuti ayeza ndi njira iti, chifukwa manambala ofananitsika bwino ndi a njira imodzi.

Ulendo wathawu adokotala sanayambire pa EF. Anawakweza pa sikelo, anawadina pamwendo ndi chala, n'kuwafunsa kuti usiku akugonera mapilo angati.