Za Sikipi ndi Kumene Zinyalala Zimapita

Ambiri a ife amene tinabadwira kunyanja kuno sitinaionepo sikipi, koma iwo amene anakafika ku msika waukuru wa Lilongwe kapena wa Limbe anaiona ndithu, ngakhale kapena sanadziwe dzina lace. Sikipi ndico cibokosi cacikuru cacitsulo cothiramo zinyalala, cotambalala kukamwa ndi cocepa kunsi, monga bwato lodulidwa mutu ndi mcira. Anthu a m'tauni amangoti bini, koma isiyana ndi bini ya pakhomo pakuti munthu sangainyamule, ngakhale atakhala amuna khumi. Iribe mawilo. Iri ndi lole yaceyace ya mikono iwiri yacitsulo kumbuyo. Woyendetsa akola maunyolo ku tizitsulo ta m'mbali mwa sikipi, mikono ija inyamuka, ndipo cibokosi conse cikwera pamsana pa lole, zinyalala ziri momwemo.

Ndaganiza kulemba za cinthu cimeneci cifukwa nthawi ya utaka, pamene gombe la Chikombe ladzaza ndi asodzi, ogula nsomba ndi ophika zakudya, zinyalala zimacuruka koposa, ndipo sipalephera kupezeka wina wonena kuti, "Boma likadatipatsa bini yaikuru ngati za ku Lilongwe, bwenzi zonsezi kulibe." Mau amenewa ali ndi coonadi pang'ono. Koma tisanawabvomereze, tiyeni tione m'mene sikipi imagwirira nchito, ndi malamulo amene amayenda nayo.

Munthu wofuna sikipi sagula ai, amatenga pa hayala. Kawirikawiri amakhala womanga nyumba amene ali ndi zigumu za njerwa, mwini hotela, kapena a mpingo pokonzekera msonkhano waukuru. M'mizinda apita ku khonsolo kapena ku kampani yonyamula zinyalala, ndipo kumeneko amfunsa kuti zinyalala zace nzotani, nzocuruka bwanji, sikipi idzakhala masiku angati, ndipo idzaikidwa pati. Mtengo utuluka m'mayankho amenewa, pamodzi ndi kutalika kwa ulendo wa lole. Funso la malo lisaoneke lacabe, pakuti lole yolemera ifuna nthaka yolimba ndi potembenukira, ndiponso sikipi isatseke njira kapena ngalande ya madzi. Ku Britain, kumene masikipi ali ambirimbiri, lamulo la miseu la 1980 liti woika sikipi pamseu ayambe watenga cilolezo ku khonsolo, aiikire nyali usiku, ndi kulembapo dzina la mwini wace.

Tsono anzanga okonda masamu amvetsere. Kukula kwa sikipi amayesa m'makyubiki mita. Bokosi la mita imodzi m'litali, mita imodzi m'lifupi ndi mita imodzi msinkhu limalowa malita 1,000, ndiwo madiramu 5 a malita 200. Cotero sikipi ya makyubiki mita 6, imene iri yapakatikati, imameza madiramu 30. Koma kudzaza ndi kwina, kulemera ndi kwinanso. Kyubiki mita imodzi ya mcenga ilemera pafupifupi tani imodzi ndi theka, kotero kuti sikipi yomweyo itadzazidwa ndi mcenga kapena njerwa ifika matani 9, osawerengera citsulo cace. Ndico cifukwa cace eni malole amauza womanga nyumba kuti atenge sikipi yaing'ono, kapena asadzaze. Ngakhale zinyalala zopepuka siziyenera kupitirira pakamwa pace. Zikaunjikidwa ngati nsima ya alendo zimagwa m'njira monse, ndipo woyendetsa akhoza kukana kunyamula. Palinso cizolowezi coipa coyatsa moto m'sikipi yodzaza kuti zinyalala zitsike. Motowo upinda citsulo, cicita dzimbiri msanga, ndipo utsi wa pulasitiki upweteka m'cifuwa mwa onse okhala pafupi.

Si conse cimene munthu watopa naco cingaponyedwe m'sikipi. Mabatire, oilo wakutha wa injini, penti, zitini za mankhwala ophera mbozi, malata akale a asibesitosi, ndi majekeseni a kucipatala, zonsezi eni masikipi amazikana. Batire la galimoto liri ndi mtobvu ndi asidi, ndipo mtobvu ukalowa m'thupi mwa mwana umaononga ubongo wace kosabwezeka. Pfumbi la asibesitosi likapumidwa limakhala m'mapapu zaka zambiri kufikira litabala nthenda. Za jekeseni sindicita kufotokoza. Tangoganizani munthu wotola mabotolo kumtaya ali wopanda nsapato.

Kodi malamulo a dziko lino akuti ciani? Kuyambira kale, lamulo la za umoyo la 1948, la nthawi ya Nyasaland, linaika kuti mulu wa zonyansa woopsa ku moyo wa anthu ndi mlandu kwa mwini malo. Lamulo la maboma ang'ono la 1998 linapereka nchito yotola ndi kucotsa zinyalala m'manja mwa makhonsolo, kotero kuti kwathu kuno nchitoyi ndi ya khonsolo ya Salima. M'caka ca 2008 kunatuluka malamulo apadera a zinyalala ndi ukhondo, amene ati zinyalala zoopsa zisankhulidwe ku zinyalala wamba, ndiponso kuti wocita malonda onyamula zinyalala kapena wosunga mtaya akhale ndi laisensi. Potsiriza, lamulo la zacilengedwe la 2017 linalowa m'malo mwa la 1996, ndipo linakhazikitsa bungwe la MEPA loyang'anira zonsezi. M'lamulo limeneli muli mfundo imene ine ndiiona kuti ndiyo mutu wa nkhani yonse, yakuti woipitsa malo ndiye alipire kukonza kwace.

Pali funso limodzi limene wotenga sikipi amaiwala kufunsa, ndilo lakuti, lole ikatuluka pacipata ipita kuti? Ku Britain mwini nyumba amene wapereka zinyalala zace kwa munthu wopanda cilolezo, munthuyo nakazikhuthula m'munda mwa eni, amalipitsidwa iyenso, ngakhale sanatayeko ndi manja ace. Kuno kwathu wotenga sikipi wanzeru ayenera kupempha kuona laisensi ya wonyamulayo, pakuti wochipitsa mtengo kwambiri kapena akudziwa mlato wina wapafupi kumene akakhuthule usiku. Ngakhale lole yoyenda mwalamulo siipititsa zinyalala kumwamba. Kwa zaka zambiri za ku Lilongwe zakhala zikutayidwa ku Area 38, ndipo za ku Blantyre ku Mzedi. Malo onse awiri ndi mitaya ya poyera. M'cilimwe mumafuka utsi, m'dzinja mumatuluka madzi akuda, ndipo anthu oyandikana ndi mtaya wa Area 38 akhala akudandaula kawirikawiri za nchenche ndi pfungo. Sikipi, tsono, iri ngati mtanga. Imacotsa zinyalala pakhomo pa uyu ndi kukazitula pafupi ndi khomo la uja.

Tiyeni tibwerere kwathu, ndipo titengenso coko. Kucokera ku Lilongwe kufika ku Salima pa mseu wa M14 pali makilomita pafupifupi 100, ndipo kufika ku Chikombe ndi kupitirira apo. Wotenga sikipi ku Lilongwe alipira maulendo anai: lole ibwera kudzatula, ibwerera yopanda kanthu, ibweranso kudzatenga, ibwereranso. Amenewo ndi makilomita oposa 400 a dizilo, kunyamula madiramu 30 okha a zinyalala. Ikafika, lole ya matani ambiri singatsike pamcenga wa gombe osatitimira. Nanga pa cilumba ca Mbenji peni peni, pamene pali makilomita pafupifupi 10 kucokera kumtunda? Palibe lole imene idzafikepo. Ciriconse copita pa cilumba cipita pa boti, ndipo cikapanda kubwerera pa boti, cikhala pamiyala pomwepo kapena citsikira m'madzi.

Ena amati nyanja ndi yaikuru, imatsuka yokha. Aphunzitsi athu a Jogalafe angatiuze kuti si conco. Mitsinje yolowa m'nyanja yathu ndi yambiri, koma wotuluka ndi umodzi wokha, Shire, ndipo madzi otuluka pamenepo ndi ocepa poyerekeza ndi amene amauma ndi dzuwa. Madzi akauma amakwera okha, koma jumbo, botolo ndi mtobvu zimatsala. Nsanza ya ukonde wa nayiloni yotayidwa m'madzi siiola msanga. Imapitirira kukola nsomba zimene palibe adzadye, nsombazo ziola, zina zibwera, zikodwanso. Oilo wa injini amayala pamwamba pa madzi pamene amai amatunga ndi kutsuka mbale. Tinalira mvula, ndipo talira matope: malonda a utaka atibweretsera ndalama, mainjini ndi mafoni, koma abwera ndi zinyalala zimene agogo athu sanazidziwe. Dzala lao linali la makoko, minga za nsomba ndi phulusa, ndipo pakutha zaka ziwiri panali kumera maungu.

Za majumbo Boma lalimbana nazo nthawi yaitali. M'caka ca 2015 linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika mamaikironi 60, makampani opanga anapita kukhoti, ndipo khoti lalikuru la apilo linagamula mu July 2019 kuti ciletso cikhale. Milandu inapitirirabe kufikira 2025, pamene Boma linalengeza kuti liyambanso kugwira opanga ndi ogulitsa. Zonyansa zina ndi zoopsa msanga koposa majumbo. Kolera imene inayamba mu March 2022 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja, Salima pamodzi, anabvutika kwambiri. Kolera imayenda m'madzi ndi m'zakudya zodetsedwa ndi cimbudzi ca munthu, cotero sikipi siingaithetse. Mankhwala ace ndi zimbudzi ndi madzi abwino. Komabe matewera a pulasitiki otayidwa pagombe ali mbali ya bvuto lomweli, pakuti mvula yoyamba iwakokolera m'nyanja.

Kodi tsono tiribe pogwira? Ine ndiganiza kuti tiri ndi cinthu cimene a ku Lilongwe alibe. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, pamene asodzi ocokera ku Likoma anadzapempha malo opherapo nsomba, cilumba ca Mbenji cakhala pansi pa malamulo a Mfumu Yaikuru Makanjira. Caka ndi caka cimatsekedwa m'December, asodzi onse acokapo, ndipo cimatsegulidwa m'April ndi mwambo waukuru. Pa cilumba saloleza mowa, camba kapena njuga, ndipo akazi sapitako. Anzathu asungwana ali ndi maganizo ao pa lamulo lotsirizali, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Cimene ndifuna kuti tione ndi ici, kuti wolakwira malamulowa amaweruzidwa ndi komiti ndipo akhoza kucotsedwa pa cilumba, ndipo cifukwa cace utaka wa ku Mbenji umachuka mpaka akatswiri a maiko akunja amabwera kudzaphunzira. Anthu amene angathe kusiya nsomba miyezi inai cifukwa mfumu yanena, sangalephere kubwera ndi thumba la zinyalala pobwerera kumtunda.

Kusankhula ndiko kungatipulumutse ku mtengo wa lole. Zambiri za m'dzala lathu ndi zoola: matumbo a nsomba, makoko a nthoci, zotsala za nsima, phulusa. Zimenezi sizifuna sikipi konse. Zifuna nkhuti yokumbidwa kutali ndi madzi ndi zitsime, yothiridwa dothi pamwamba tsiku ndi tsiku kuti nchenche zisaswane, ndipo pakutha miyezi ingapo ndi manyowa a m'dimba. Zitsulo ndi mabatire akuluakulu ali ndi ogula ao, amene amayenda m'midzi ndi sikelo. Cofunika ndi kusunga batire ciriri, losaswa, pamthunzi, ana osalikhudza. Oilo wakutha akhoza kusonkhanitsidwa m'diramu lotseka. Zimene zitsala ndi majumbo, mabotolo, nsanza za maukonde ndi matewera, ndipo zikapsinjidwa m'matumba a feteleza zitenga malo ocepa modabwitsa. Zimenezi ndizo zokha zoyenera ulendo.

Boti lirilonse lopita ku Mbenji limapita ndi ufa, nkhuni ndi mafuta, ndipo pobwerera silisowa kangodya koikapo thumba limodzi. Matumbawo atasonkhanitsidwa pamalo amodzi olimba pafupi ndi mseu, kumtunda kwa gombe, pamenepo ndipo sikipi kapena thirakitala ya ngolo ingakhale ndi phindu, makamaka kawiri pa caka, potsegula m'April ndi potseka m'December, pamene anthu amakhala ambiri ndipo zotaya zimatuluka nthawi imodzi. Ndalama yace ingacokere kwa eni maboti ndi ogula nsomba, monga mwa mfundo ija ya lamulo la 2017, ndipo khonsolo iyenera kunena poyera malo amene lole ikakhuthule, kuti komiti ya gombe itume munthu wokaona ndi maso. Pasukulu pano tingayambe ndi madiramu atatu kuseri kwa khichini, lina la zoola, lina la pulasitiki, lina la mabatire a tochi ndi a wailesi, ndi kulemba m'kope masiku amene lirilonse limatenga kuti lidzaze. Pakutha teremu imodzi tidzakhala ndi nambala zoti tikaonetse akuru a komiti.

Wophunzira wa Fomu 3