Kugula nkhunzi kapena kulera matole? Za ndalama za mpira ku Kitwe ndi ku Ndola

Akulu-akulu a m'midzi ya ku Katete, Chadiza ndi Chipata akali kukumbukira masiku amene mudzi wonse unkasonkhana pakhonde la mwini wailesi kudzamvera malemu Dennis Liwewe akuulutsa mpira. Ambiri mwa omverawo sanapondeko ku Kitwe kapena ku Ndola, komabe ankadziwa maina a anyamata a Nkana ndi a Power Dynamos monga a adzukulu awo. Masiku ano acinyamata amaonera mpira pa foni, koma mkangano wa pakhonde uja ukali womwewo. Kodi timu ikakhala ndi ndalama, iziponye pa katswiri mmodzi wochuka, kapena izigawe pa anyamata ambiri amene maina awo sanamveke?

Mlimi woweta ng'ombe aidziwa bwino nkhani imeneyi. Munthu angathe kugulitsa mtedza ndi thonje lake lonse kuti agule nkhunzi imodzi yokongola, imene anthu odutsa m'njira adzaima kuti aione. Koma ngati m'khola mulibe zazikazi, mulibe matole, ndiponso palibe ndalama ya dibi, nkhunziyo siimuonjezera kanthu. Matimu a m'cigawo ca Migodi akhala akuyesa njira zonse ziwiri kwa zaka zoposa 50, ndipo zimene zinawagwera zili poyera.

NKANA NDI ANA A M'KOMBONI

Kalabu ya Nkana inayamba mu 1935, ndipo kwa zaka zambiri inkachedwa Rhokana United potsata dzina la kampani ya mgodi. Bwalo lake lili m'komboni ya Wusakile, pakati peni-peni pa nyumba za anchito a pansi pa mgodi. Makampani a migodi, ndipo pambuyo pake ZCCM imene inakhazikitsidwa mu 1982, sankaponya ndalama zambiri pogula osewera. Ndalama zawo zinkapita ku mabwalo, ku nyumba za masewera za m'makomboni, ku mipira ndi mayunifomu a tiana, ndi ku malipiro a aphunzitsi. Mnyamata akaonetsa luso ankakwezedwa pang'ono-pang'ono kufikira atalowa m'timu yaikulu, ndipo akafika kumeneko kawiri-kawiri kampani inkamulemba nchito ndi kumpatsa nyumba. Motero wosewera sankadera nkhawa za ufa wa mawa, ndipo sankafulumira kuthawira kwina.

Zipatso zake zinaoneka. Pakati pa 1982 ndi 1993 Nkana inatenga ligi ya Zambia nthawi 9. M'zaka 12 zimenezo cikho ca ligi cinatuluka mu Kitwe kamodzi kokha, mu 1987, pamene Kabwe Warriors inacitenga, popeza mu 1984 ndi mu 1991 cinangodumphira kwa anansi awo a Power Dynamos. Anyamata monga Kenneth Malitoli ndi mng'ono wake Mordon, Beston Chambeshi ndi Kapambwe Mulenga anasewera limodzi kwa nthawi yaitali kotero kuti aliyense ankadziwa kumene mnzake athamangire mpira usanacoke kuphazi. Mu 1990, motsogoleredwa ndi mphunzitsi Moses Simwala, timuyi inafika m'ndime yotsiriza ya cikho ca akatswiri a mu Africa. Inagonja 1-0 kwa JS Kabylie ku Algeria, inabweza 1-0 ku Lusaka, ndipo cikho cinaipulumuka pa mapenati.

Umboni woposa wonse unadza m'caka ca maliro. Pa 27 April 1993 ndege yonyamula timu ya dziko inagwera m'nyanja pafupi ndi Gabon, ndipo osewera 18 anatha pamodzi ndi onse amene anali nawo. Nkana inataya anyamata ake odalirika, mwa iwo Eston Mulenga, John Soko ndi Numba Mwila. Timu yomangidwa pa munthu mmodzi kapena awiri ikanagwa osadzukanso. Nkana inapukuta misozi, inakweza ena amene anali kudikira pambuyo, ndipo inatenganso ligi caka comweco.

KHANDA LOBADWA NDI MANO

Kutsidya lina la Kitwe, ku Ndeke, zinthu zinayenda mosiyanako. A Arthur Davies, amene anali mkulu wa kampani ya magetsi ya Copperbelt Power Company, anayambitsa Power Dynamos mu 1971. Timuyi inakwera msanga kotero kuti anthu anaicha khanda lobadwa ndi mano. A Davies sankaopa kutulutsa ndalama. Kumapeto kwa 1978 anatenga Alex Chola ku Mufulira Blackpool, munthu amene mu 1976 anasankhidwa kukhala wosewera woposa onse mu Zambia, ndipo anaitananso aphunzitsi ocokera kunja.

Ena amaichula nkhaniyi pofuna kusonyeza kuti ndalama ndiyo igula zikho. Koma tsatane-tsatane wake anena zina. Chola anafika pa timu imene inali itamangidwa kale kwa zaka 7, yokhala ndi bwalo lake, aphunzitsi ake ndi anyamata ake. Mnzake wa kutsogolo, Peter Kaumba, sanagulidwe ali wochuka ai. Anacokera ku katimu kakang'ono ka Mindola United komweko ku Kitwe, nakulira ku Dynamos. Chola anali denga loikidwa pa nyumba imene zipupa zake zinali zitauma. Ngakhale zinali tero, cikho ca ligi sicinabwere tsiku lomwelo. Mu 1982 Dynamos inafika m'ndime yotsiriza ya cikho ca mu Africa ca matimu opambana zikho za m'maiko awo, nigonja kwa Arab Contractors ya ku Egypt. Mu 1983 Chola ndi Kaumba anakopedwa ndi timu ya Africa Sports ya ku Ivory Coast, ngakhale kuti pambuyo pake anabwerera kwawo. Ligi yoyamba inadza mu 1984, patapita zaka 13 cibadwire timuyo.

Ulemerero weni-weni unafika mu 1991, pamene Dynamos, yophunzitsidwa ndi Freddie Mwila, inagonja 3-2 kwa BCC Lions ku Nigeria, koma nipambana 3-1 ku Lusaka ndi kunyamula cikho cija cinaikana mu 1982. Wisdom Chansa, Linos Makwaza, Aggrey Chiyangi ndi anzawo ndiwo anagwira nchitoyo. Kufikira lero palibe kalabu ina ya mu Zambia imene inatengapo cikho ca bungwe la mpira la Africa.

Cimene cinkacirikiza matimu a migodi cinaonekera bwino pamene cinacotsedwa. Migodi ya ZCCM itagulitsidwa, nchito imene inatha mu 2000, eni ake atsopano sanasenze katundu yense amene kampani yakale inkasenza. Masewera a tiana m'makomboni anazilala, ndipo nchito za osewera zinatha. Nkana, imene inatenga ligi mu 2001, inatsika m'ligi yaikulu mu 2004. Ocemerera ake anadikira mpaka 2013 kuti aonenso cikho ca ligi ku Wusakile.

MATIMU AWIRI PA BWALO LIMODZI

Ku Ndola kuli bwalo lalikulu la Levy Mwanawasa, lotsegulidwa mu 2012. Kwa zaka zingapo matimu awiri a ndalama ankasewerera pamenepo, ndipo aliyense anagwiritsa cuma cake mwa njira yake.

ZESCO United, yocirikizidwa ndi kampani ya magetsi ya boma, inatenga ligi koyamba mu 2007, ndipo pofika 2021 inali itaitenga nthawi 9. Timuyi inagula osewera a kunja, koma inkagula monga mmisiri amene ayamba wayeza pamene pasowa njerwa. Kwa zaka zoposa 10 pagolo panali munthu mmodzi, Jacob Banda. Atafuna wochinga kumbuyo wolimba anatenga David Owino wa ku Kenya, ndipo atafuna womwetsa zigoli anatenga Jesse Were, amene mu 2015 anaposa onse pomwetsa zigoli m'ligi ya ku Kenya. Alendowo anakhala zaka zambiri ku Ndola, nasewera pakati pa ana a Zambia monga Simon Silwimba ndi John Ching'andu. Mu 2016, pansi pa mphunzitsi George Lwandamina, ZESCO inafika m'ndime yaciwiri kwa yotsiriza ya cikho ca akatswiri a mu Africa. Inagonjetsa Mamelodi Sundowns 2-1 ku Ndola, koma inakagwa 2-0 ku South Africa.

Buildcon inatenga njira yacidule. Italowa m'ligi yaikulu mu 2017, inasamuka ku Choma kudza ku Ndola, ndipo inadzaza timu ndi osewera ocokera m'maiko osiyana-siyana nthawi imodzi. Panali masiku ena amene woonerera ankacita kufufuza kuti mwana wa Zambia ali pati pakati pa anthu 11 a pabwalo. Osewera ndi aphunzitsi ankabwera ndi kupita. Sikuti zonse zinali zopanda pake, pakuti mu 2019 timuyi inaimirako Zambia m'mpikisano wa mu Africa. Koma ligi sinaitengepo, ndipo mu 2023 inatsika m'ligi yaikulu. Anthu 11 aluso amene anakumana dzulo amakhala gulu la alendo pa siteshoni ya basi, aliyense ali ndi ulendo wake.

Nkhani yotere siili ku Zambia kokha. Ku America kuli masewera ochedwa baseball, omenya kampira ndi ndodo, ndipo kumeneko matimu amaponya cuma coopsa pa akatswiri. Kumapeto kwa 2001 timu ya Oakland Athletics inalandidwa katswiri wake, Jason Giambi, ndi timu yolemera ya New York Yankees, imene inamulonjeza madola 120 miliyoni pa zaka 7. Woyendetsa Oakland, a Billy Beane, sanafune-fune Giambi wina, popeza analibe ndalama zake. Anawerengera zimene Giambi ankabweretsa, nagawa nchitoyo kwa anthu angapo ochipa amene matimu ena ankawanyoza. Mu 2002 malipiro a Oakland anali pafupi-fupi gawo limodzi mwa magawo 3 a malipiro a Yankees, koma matimu onsewo anapambana masewera 103. Cikho ca caka cimeneco Oakland sinacitenge, komabe inasonyeza kuti dzina la munthu ndi nchito imene agwira ndi zinthu ziwiri, ndipo pamsika dzina ndilo lidula.

MTENGO WOBISIKA WA KATSWIRI

Ocemerera amangomva ndalama imene kalabu yalipira pogula wosewera, koma imeneyo ndi ciyambi cabe. Pali ndalama ya m'manja imene wosewerayo alandira posaina, malipiro a mwezi ndi mwezi, nyumba, mphoto ya masewera opambana, ndi gawo la mkhalapakati amene anamubweretsa. Akakhala mlendo pafunikanso cilolezo ca boma cogwirira nchito, ndipo ambiri amafuna kuti pangano lilembedwe m'madola. Kwacha ikagwa mphamvu, malipiro a munthu mmodzi uja amakwera okha pamene thumba la kalabu lili comweco. Katswiri akathyoka mwendo mwezi waciwiri, pangano silithyoka naye. Kalabu ikalephera kulipira, wosewera angathe kukadandaula ku FIFA, imene ili ndi mphamvu yoletsa kalabuyo kulembetsa osewera atsopano kufikira italipira ngongole.

Pali cina cimene mabuku a ndalama salemba. Mnyamata wochinga kumbuyo amene wakhala miyezi 3 osalandira kanthu amadziwa bwino lomwe kuti mlendo wa kutsogolo akulandira kangati kuposa iye. Cala cimodzi siciswa nsabwe, ndipo womwetsa zigoli sangamwetse ngati anzake 10 alowa m'bwalo mitima ili kwa eni nyumba amene akuwalonjerera. Oyendetsa makalabu amene amayamba kugula asanatsimikize malipiro a caka conse a anyamata amene ali nawo kale amaika pulawo patsogolo pa ng'ombe zanjala.

Ndipo masiku ano cuma ceni-ceni ca mpira wa mu Zambia cili pa kugulitsa. Patson Daka anasewera ku Power Dynamos mu 2016, ndipo anthu a ku Ndeke anakondwera naye, koma anali wobwereka cabe. Mwini wake inali kalabu yaing'ono ya Kafue Celtic imene inamulera, ndipo ndiyo inamutumiza ku Austria mu 2017. Mu 2021 Daka anacoka ku Red Bull Salzburg kupita ku Leicester City ya ku England pa mtengo umene manyuzipepala anati unaposa mapaundi 20 miliyoni. Caka comweco Enock Mwepu, mwana wa ku Migodi amene anadzeranso ku Kafue Celtic ndi ku Salzburg, anagulidwa ndi Brighton.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikhudza makolo ndi matimu a kumidzi. Malamulo a FIFA anena kuti wosewera akagulitsidwa kucoka m'dziko lina kupita m'dziko lina, 5 peresenti ya mtengo wake igawidwe kwa makalabu onse amene anamuphunzitsa kuyambira ali ndi zaka 12 kufikira zaka 23. Ndalamayo imatsata mbiri yolembedwa ya wosewerayo. Timu ya ku Katete kapena ku Chadiza imene inasunga mnyamata zaka 4, nimugulira nsapato ndi kumunyamula pa lole kupita kumasewera, koma osamulembetsa ku bungwe la FAZ, ilibe pepala losonyeza kuti inamulera, ndipo pa gawo lija siidzalandirapo ngakhale ngwee imodzi.